Abusa Amene Bambo Sankawafuna

Ndinakwera basi ya ku Joni pa Wenela ndili wokwiya, ndipo sindibisa. Ndinali nditakhala kumudzi ku Namitambo masiku asanu ndi anayi, kukaona bambo anga amene anagwidwa sitiroko, koma masiku onsewo theka la mtima wanga linali ku Marlboro, ku labu ya fakitale ya penti kumene ndimagwira ntchito. Foni inkangolira. Abwana akufunsa kuti ndibwera liti, mnzanga wasokoneza zoyeza, kasitomala wabweza zitini. Pofika pa depoti ndinapeza tikiti yakweranso mtengo, ndipo kondakitala anayeza thumba langa la mpunga ndi usipa ngati muli golide.

Za bambo zinali motere. Matendawo anawalanda dzanja lamanja ndi pakamwa. Chichewa chonse chinawathawa, kunangotsala mawu awiri amene ankawabwereza ine ndikangolowa m'chipinda: "Wina busa. Wina busa." Achimwene anga a Fanuel, amene amawasamalira, anamasulira msanga kuti mdala akufuna abusa. Tinaitana abusa a mpingo wathu. Anapemphera mwamphamvu, bambo anatembenukira kukhoma. Mawa lake mawu omwewo. "Akuti wina," anatero achimwene. "Akufuna m'busa wina." Tinaitana a mpingo wa kutsidya kwa mtsinje. Kenako tinaitana wachitatu, wa tenti ya pamsika, amene anabwera ndi chimkuzamawu chake. Ameneyo bambo anamuyang'ana ndi diso lomwe ankayang'anira mbuzi zikalowa m'dimba. Tsiku lonyamuka ndinawajambula pa foni akunena mawu awo aja atandigwira mkono ndi dzanja lamanzere, ndipo ndinatuluka m'nyumbamo ndikudziwa kuti mwina sindidzawapezanso.

M'basi ndinapeza pa mpando wanga wa pazenera pakhala kale munthu. Anali bambo wachikulire, woonda, wa kachisoti koyera ndi jekete lalikulu kuposa mapewa ake.

"Mayi, mundikhululukire," anatero ndisanatsegule pakamwa. "Ndikudziwa kuti ndi panu. Koma zenerali ine ndikulifuna kwambiri."

Ndinawasiyira, osati chifukwa cha ulemu ayi, koma chifukwa ndinalibe mphamvu zokangana. Anati iwo ndi Che Wadi a ku Namwera, akupita kwa mwana wawo amene amasoka zovala ku Fordsburg. Ku Joni anapitako ali mnyamata, ku migodi, koma nthawi imeneyo ankapita pa ndege ndi sitima. Msewu uwu ankauona koyamba, ndipo anati sakufuna kuphonya ngakhale mtengo umodzi. Ine ndinavomera ndi mutu, n'kuika mahedifoni m'makutu. Kwathu munthu akatero ndiye kuti watseka chitseko, koma Che Wadi chitsekocho sanachione n'komwe.

Tisanafike pa Zalewa anali atadziwa kale ntchito yanga. Anafunsa kuti penti amapanga ndi chiyani. Ndinayankha mawu atatu. Anafunsa chifukwa chake yoyera imasanduka yachikasu kukhitchini. Ndinayankha mawu asanu. Kenako analoza nyumba ina m'mbali mwa msewu.

"Nanga buluu uyo mumamutenga kuti?"

"Amabwera m'matumba."

"Eya. Koma asanalowe m'thumbamo amakhala ali kuti? Ndi mwala? Ndi tsamba?"

Zaka khumi ndi chimodzi ndikuyeza penti, ndi pepala la ku yunivesite lopachikidwa pakhoma, ndinalibe yankho loti n'kumuuza munthu wa ku Namwera. Ndinati zimatengera mtundu wake. Iwo anangoti, "Oho," ndipo oho ameneyo anandiwawa mpaka pa Mwanza.

Pa boda ya Mwanza tinaima maola awiri, pa Zobue ola lina. Ndatsika ndi kudinditsa pasipoti pamalo amenewa kambirimbiri, ndipo zomwe ndimadziwa ndi mzere, chidindo ndi chimbudzi cholipira. Che Wadi anabwerera m'basi atadziwa kuti dalaivala wathu amamenya matayala ndi chitsulo kuti amve kulira kwake, kuti wosintha ndalama wa malaya ofiira amalankhula zilankhulo zinayi, ndiponso kuti mayi wonenepa wa kumpando wakumbuyo, mayi Nasibeko, amatenga nyemba ndi zitenje kukagulitsa ku Joni n'kubwerako ndi mabulangete. Zonsezi anandiuza ngati kuti ndinawatuma.

Ku Tete tinawoloka Zambezi dzuwa lili paliwombo. Kutentha kwa kumeneko sikusowa umboni, ngakhale mphepo yolowa pazenera imakhala ngati yachokera m'uvuni wa njerwa. Titangopitirira pang'ono, tisanafike pa Changara, kumbuyo kwa basi kunamveka phokoso ngati wina wang'amba chinsalu, kenako fungo la labala wopsa. Dalaivala anaimika pambali. Lamba wa injini anali ataduka, ndipo wapadera amene anali naye sanali wa basi imeneyo. Kondakitala anakwera lole kubwerera ku Tete kukasaka wina. Ife tonse tinatsika n'kukaunjikana pansi pa mlambe.

Netiweki panalibe. Simu yanga ya ku Malawi inafera pa Zobue, ya ku Joni inali isanadzuke. Kwa nthawi yoyamba m'masiku ambiri foni yanga inakhala chete, ndipo ndinasowa chochita ndi manja anga. Amayi ena a m'mudzi wapafupi anabwera ndi mabeseni a masawu. Che Wadi anagula, anandigawira, anapita kuseri kwa mtengo kukaswali, n'kubwerera kudzakhala pa muzu pafupi nane.

"Mayi, chiyambire Blantyre nkhope yanu sinamasuke. Kwanu mwasiya bwanji?"

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Mwina kutentha, mwina masawu. Ndinawauza za bambo, za abusa atatu aja, kenako ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa kanema uja. Anayandikitsa khutu. Anati ndibwereze. Ndinabwereza. Kenako mdala uja anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira pamimba, mpaka kachisoti kanagwera m'fumbi. Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinalanda foni yanga n'kuimirira.

"Khalani pansi, mwanangu, pepani," anatero akupukuta misozi. "Sindikuseka matenda. Bambo anuwa anapitako ku migodi?"

"Anapitako, ine ndisanabadwe."

"Mgodi uti?"

"Sindikudziwa."

"Ankagwira chiyani? Anali malayisha, opakira miyala ndi fosholo, kapena anali pa makina?"

"Sindikudziwa."

"Anakhalako zaka zingati?"

Ndinapukusa mutu.

"Munthuyu sakufuna abusa," anatero Che Wadi, kuseka kutatheratu. "Chichewa chamuthawa, koma chamusiyira Fanakalo, chilankhulo chomwe tinkalankhula pansi pa mgodi. Sakuti wina busa. Akuti wena buza. Wena ndi iwe. Buza ndi funsa. Akuti, iwe, funsa. Amenewo ndiwo mawu oyamba amene ankatiphunzitsa tikangofika. Ukapanda kudziwa, buza. Wochita manyazi kufunsa ndi amene mwala unkamugwera."

Ndinakhalanso pansi pa muzu paja. Ndinabwereza kanemayo ndekha, ndipo tsopano zinkamveka bwinobwino, moti ndinadabwa kuti makutu athu tonse anali kuti. Bambo sankayang'ana kumwamba ngati munthu wotsanzika. Ankayang'ana ine.

Ndili mwana bambo ankanditcha Mafunso. Ndinkafunsa chifukwa chake nkhuku sikodza, kumene moto umapita ukazima, amene anayamba kunena kuti mchere ndi mchere. Amayi ankandithamangitsa, koma bambo ankaika khasu pansi n'kundiyankha, ndipo akasowa yankho ankati tikafunse limodzi. Sindikudziwa chaka chimene ndinasiya. Ndikudziwa tsiku limodzi lokha. Nditalandira kalata ya ntchito ya ku Joni, bambo anakoka chibokosi chawo chachitsulo pansi pa bedi, n'kuyamba kuchitsegula, akuti andionetse zinthu za kumene ndikupita. Ine ndili pa foni ndinati, "Bambo, Joni wanu uja anatha kale. Wa masiku ano ndi wina." Anatseka bokosilo mwakachetechete n'kulikankhira pomwe linali. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ku Troyeville zaka zonsezi, mumzinda womwe bambo anga anausiyira unyamata wawo, ndipo sindinawafunsepo funso ngakhale limodzi. Chizulu changa chimathera pa moni ndi kufunsa mtengo wa tomato.

Ndinachita manyazi, ndipo ndinalira pang'ono pamaso pa anthu ogulitsa masawu. Koma manyaziwo sanakhalitse, chifukwa pansi pake panatuluka chimwemwe chimene sindinachiyembekezere. Bambo anga sanali kutsanzika. Ankafuna kucheza. Munthu amene tinkamuona ngati watha kale anali mkatimo, wathunthu, ndi nkhani zake zonse, akungodikira wina agogode.

Ndinazungulira mlambe wonse kupempha foni. Mayi Nasibeko anali ndi simu ya ku Mozambique koma yopanda mayunitsi. Ya dalaivala inali itatha moto. Panalibe chochita koma kudikira mpaka tikafike kumene simu yanga ya ku Joni ingagwire, ulendo wa tsiku lina lathunthu. Ndiye ndinatulutsa kope langa la ku labu ndi cholembera, n'kukhala moyang'anana ndi Che Wadi.

"Abambo, ndiphunzitseni. Ndinganene bwanji kuti, munkagwira ntchito kuti?"

"Upi wena sebenzile."

"Nanga kuti, ndikufunsa?"

"Mina buza. Lembani bwino, musalembenso abusa."

Lamba anafika patapita maola anayi, ndipo ndikukuuzani zoona kuti nditamva injini ikulira ndinadandaula pang'ono, chifukwa tinali pakati pa phunziro. Tinapitiriza m'basi. Sukulu yathu inakula. Mipando inayi yakumbuyo inalowerera, aliyense ndi funso lake loti ndikawafunse bambo. Wina anati ndikafunse kuti pansi pa mgodi ankadziwa bwanji kuti kunja kwacha. Wina anati ankadya chiyani. Mayi Nasibeko anatsamira pa mpando wanga ndi chigongono.

"Muwafunsenso ngati sanasiye mkazi kumeneko. Mwina muli ndi achemwali anu ku Soweto, mumangodutsana nawo m'matakisi."

"Limenelo muliike kumapeto," anatero Che Wadi. "Munthu wodwala safunsidwa za milandu m'mawa."

Pa Nyamapanda tinadinditsa dzuwa likulowa. Harare ndinamudutsa ndili mtulo, kope lili pachifuwa. Ndinadzuka kutacha, tikuyandikira Masvingo, ndipo chinthu choyamba chimene ndinaona chinali miyala ikuluikulu yosanjikizana, wina pamwamba pa unzake, ngati munthu anachita kuiika. Msewu umenewu ndaudutsa kangapo konse, koma miyalayo sindinaionepo. Ndinagwedeza Che Wadi kuti andiuze chimene chimaigwira kuti isagwe. Sankadziwa. Ndinapita kutsogolo kukafunsa dalaivala, nayenso sankadziwa, koma anandiuza chifukwa chake abulu a kumeneko sathawa hutala. Titaima kuti timwe tiyi ndinafunsa mayi wogulitsa mabanzi dzina la mtengo wa maluwa ofiira umene unali kuseri kwa sitolo yake, n'kulilemba. Ndinkamva ngati mutu wanga wautsegula mazenera.

"Mwanangu," anatero Che Wadi, "mundisiyireko mafunso ena. Mwandilanda ntchito."

Beitbridge tinafika masana. Amene anadutsapo akudziwa. Katundu yense pansi, matumba onse otsegula, mzere wokhota kawiri padzuwa, ndipo zenera limodzi lokha ndilo linkagwira ntchito. Usipa wanga unanunkhizidwa ndi anthu atatu osiyana. Tinakhalapo maola asanu ndi limodzi. Koma tili pamzere wa mbali ya Zimbabwe, Limpopo akuoneka mchenga wokhawokha kumunsi, foni inanjenjemera m'thumba. Simu ya ku Joni inali itagwira. Mauthenga a kuntchito anakhuthuka ngati chimanga chotuluka m'thumba lobooka. Sindinatsegule ngakhale umodzi. Ndinaimbira achimwene.

Inaitana mpaka kuduka. Ndinaimbanso. Kachitatu anayankha, kumbuyo kukumveka mahutala.

"Achimwene, bambo ali bwanji?"

"Mlongo, sizili bwino. Chichokereni iwe sakudya. Phala akulavula, mawu aja asiyanso kunena. Ine ndili ku Limbe kudzagula mankhwala, ndifika kumudzi mochedwa."

Ndinawafotokozera zonse mothamanga, za Fanakalo, za wena buza, mawu akupunthwana m'kamwa.

"Ndiye ukuti abusa onse aja tinangowavutitsa?"

"Musaitanenso wina."

"Wachinayi ndapangana naye kale Lamlungu."

"Muwauze asabwere. Mawa m'mawa mukhale pafupi ndi bambo, foni ikhale ndi moto. Ndipo mukafika muwanong'oneze kuti Mafunso wamva. Munene choncho basi, Mafunso wamva."

Kuchokera pamenepo basi inkandichedwera. Musina, Polokwane, zonsezo zinadutsa mumdima ine ndikuloweza mawu anga ngati mwana wa mayeso. Ndinkachita mantha kuti ndachedwa ndi tsiku limodzi pambuyo pochedwa zaka khumi ndi chimodzi. Komabe chimwemwe chija sichinachoke, chinkangokankhana ndi manthawo pampando umodzi.

Kunatichera pa Pretoria. Tinalowa mumzere wa magalimoto a anthu opita kuntchito, tikuyenda ngati maliro. Pa Marlboro ndinaona denga la fakitale yathu kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu, ndipo ndinalembera abwana mzere umodzi, kuti ndafika koma ndiyamba mawa. Sindinapereke chifukwa. Che Wadi anali atakanikiza mphumi pagalasi, akuwerenga nyumba zazitali ndi milomo.

Pa Park Station tinapeza mwana wawo, Yusufu, akudikira ndi kagalimoto ka mnzake. Ndinamuuza kuti sindipita ku Troyeville, ndikupita nawo ku Fordsburg, chifukwa bambo ake ndikuwabwereka.

"Eish, sisi, no problem," anatero akukweza matumba. "Koma mwapirira. Madalawa kuyenda nawo two days, mafunso ake aja? Ine ndikanatsikira pa Tete."

"Amene wanditopetsa ndi iyeyu," anatero Che Wadi akundiloza.

Shopu ya Yusufu ili m'chipinda cham'mwamba, pamwamba pa sitolo ya nsalu, ndipo kuseri kuli kakhonde koyanikapo zovala. Nditaima pamenepo ndinaona chakum'mwera, kupitirira madenga ndi misewu, phiri lachikasu lathyathyathya pamwamba. Mapiri otero ndimawaona tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkadziwa mwapatalipatali kuti ndi za migodi, monga momwe munthu amadziwira kuti mwezi uli kutali. Ndinaimba foni ya kanema.

Achimwene anayankha nthawi yomweyo. Anatembenuza foni. Bambo anali atatsamira pa pilo, ataonda kuposa mmene ndinawasiyira, mlomo utapendekera mbali imodzi. Maso anali otsegula. Ndinayang'ana pa kope langa ngakhale mawuwo ndinali nditawaloweza.

"Baba," ndinatero. "Mina buza. Upi wena sebenzile?"

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu, moti ndinaganiza kuti netiweki yaima. Kenako nsidze yawo yakumanzere inakwera. Anapuma mwamphamvu, n'kutchula dzina la mgodi, momveka bwino, dzina limene ndimaliona pa zikwangwani za matakisi. Che Wadi analumpha ngati wapondedwa.

"Kanjani, madala?" anakuwa moni wa kumgodi atalowetsa nkhope yawo pa foni. Anatchula mgodi wawo nawonso, ndipo bambo anatulutsa kaphokoso kamene sindinakamve chiyambire matendawo. Ankaseka.

Mawu anayamba kutuluka. Ankatuluka movutika, ena opindika, ena oduka pakati, koma ankatuluka, ndipo Che Wadi ankawatola limodzilimodzi n'kundipatsa m'Chichewa. Anali malayisha. Anakhalako zaka zisanu ndi ziwiri. Chala chawo chaching'ono chija chopindika sichinali cha njinga monga ankatiuzira. Kumbuyo ndinkamva achimwene akuitana akazi awo kuti abwere adzaone, abweretsenso phala lija. Ndinatembenuza foni kuti bambo aone phiri lachikasu. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako ananena mawu angapo.

"Akuti phiri ngati limenelo analikweza ndi iwowo," anatero Che Wadi. "Ndi fosholo, kuchokera pansi."

Ndinabweza foni kuti tionane. Bambo anakweza dzanja lamanzere, n'kuloza pagalasi pomwe panali nkhope yanga.

"Mina lindile wena," anatero.

Che Wadi anatsegula pakamwa kuti amasulire, koma ndinawagwira mkono. Kulinda n'kulinda, n'kudikira munthu, kaya ku Namitambo kaya pansi pa mgodi. Ndinapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa chitenje, ndinauza achimwene kuti akoke bokosi lachitsulo pansi pa bedi, ndipo ndinapita pa funso lachiwiri.